Chigubu chimodzi cha Tariro

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Hopley tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuwavutabe.

Zomwe wandionetsa mwana wanu Tariro dzulo, mpaka pano mutu sukugwira. Anabwera kuchokera kusukulu akulira, aphunzitsi atamuthetha samu ndi cholembera chofiira. Funso lake linali lakuti mpopi umadzaza chigubu m'mphindi zisanu, nanga pa ola limodzi udzaza zigubu zingati? Iye analemba kuti chimodzi.

Ndinamukalipira, achemwali, ndimayesa ndi ulesi. Ndinatola timiyala n'kumuwerengera bwinobwino mpaka zigubu zinakwana khumi ndi ziwiri. Iye anangondiyang'ana.

"Amama, akunama. Ukadzaza chimodzi umabwerera kumbuyo kwa mzere. Angakulole ndani kutunga zonsezo?"

Ndinati uwu si mjigo wathu uja, ndi mpopi wa m'nyumba, palibe mzere. Anaseka, n'kundifunsa kuti, "Ndiye amapopa ndani?"

Mwana wa zaka khumi sanaonepo madzi akutuluka okha pampopi! Ife tinkasewera nawo ku Mbare mpaka bambo kutithamangitsa ndi lamba. Mayeso ali pafupi, ndipo mafunso otere ndi ambirimbiri. Ndimuphunzitsa bwanji chinthu chomwe akuchiyesa bodza?

Chonde musatumize nsapato mwezi uno. Tsegulani mpopi wa kukhitchini kwanu, muikepo chigubu, mujambule pafoni mpaka chidzaze. Mujambulenso kumbuyo kwanu, aone yekha kuti kulibe munthu akudikira.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati