Netiweki ya Yusufu

Okondedwa achimwene,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Liwaladzi tilipo, koma amayi sakudya bwino chimwalirire mng'ono wanu Yusufu.

Lachiwiri amayi anandipempha chithunzi chake chija ali panjinga, choti aziyang'ana. Ndinalimba mtima n'kukatsegula shopu yake yosindikizira mapepala kuti ndikachisindikize. Kompyuta yake, momwe muli chithunzicho, ikuyaka, koma sikirini inafa. Ndinayesa kukoka chithunzicho ndi laputopu yanga kudzera pa netiweki, osatheka. Ngakhale pulinta sinkaoneka.

Ndinaitana aphunzitsi a Mhone, amene amadziwa makompyuta. Atayang'ana anati, "Rauta, kabokosi kofalitsa netiwekika, ndi imodzi, koma malemu anagawa netiweki pawiri. Pulinta ndi mafayilo zili mbali yawo, inu muli mbali ya makasitomala. Kuti mbali ziwirizi zionane, pafunika pasiwedi ya rauta."

Pasiwediyo Yusufu anapita nayo kumanda.

Aphunzitsiwo anati tingodina kabatani kakumbuyo kuti rauta iiwale zonse, tiyambirenso. Anali atatenga kale kawaya kodinira, koma ndinawagwira dzanja. Achimwene, netiwekiyo Yusufu anaitcha dzina lake. M'mawa uliwonse ndikamadutsa pashopupo, foni yanga imalumikizika yokha n'kulemba kuti "Yusufu". Ndiye ine mlongo wake ndifufute zimenezo?

Ngati anakuuzaniko pasiwediyo, chonde tumizani msanga. Amayi ndinawanamiza kuti inki yatha, ndipo tsiku ndi tsiku akumandifunsa ngati yabwera.

Allah akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Asiyatu