Tsiku Limene Osmund Sanaimirire

Lolemba, 5 Malichi 1860

Chifunga kuyambira m'mawa. Mwaye wa malasha mpaka m'makatani. London ameneyu sindidzamukonda ine, olo ndikhalemo zaka zana.

Osmund adzuka 5 koloko ngati akadali pa sitima, n'kumafunsa Jabez, wantchito wawo wakale uja, kuti mphepo ikuchokera kuti. Mphepo yanji pakati pa tauni? Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi pa nyanja, mkulu wa sitima zankhondo, mamendulo bokosi lodzaza, lero phungu wa Nyumba ya Malamulo. Koma sokosi amafunsabe kwa ine.

Mtima wawo wonse uli pa Lachitatu la sabata ya mawa. Akaimirira m'Nyumba kupempha lamulo loletsa kukwapula amalinyero ndi chikoti. Zaka zitatu akudikira tsiku limeneli. Lero akuloweza mawu awo pagalasi, malaya osamanga mabatani. "Wini, ndikumveka ngati m'busa?" Ndati ayi, mukumveka ngati mukukalipira anthu ochedwa kukweza matanga. Aseka mpaka kutsokomola.

Madzulo phwando kwa a Thornbury, mkulu wa chipani. Diresi labuluu lija landithina m'chiuno. Ndivala lomwelo.

Lachiwiri, 6 Malichi

Manyazi ake! Mpaka pano nkhope ikundiotcha.

Titatha kudya nyama ya nkhosa, a Thornbury anakweza tambula kuti timwere Mfumukazi moyo wautali. Anthu makumi atatu, tonse nyamu. Osmund okha ali phee pampando, tambula m'manja. Anamwa ali chikhalire. Mayi Thornbury anandiyang'ana ngati ndabwera ndi galu patebulo.

Iwo osatekeseka n'komwe. "Pepani akuluakulu, chizolowezi cha pa sitima. Kumeneko Mfumukazi timaimwera tili pansi. Denga n'lalifupi, ukaimirira umaswa mutu." Ena anaseka, ambiri ayi.

Mwambowo ulipodi, ndadyapo pa sitima zawo kambirimbiri. Koma zaka zisanu ali pamtunda sanalakwitsepo chonchi. Ndipo ine ndinakhala moyang'anana nawo. Ndinaona manja akukanikiza tebulo, zala mpaka kuyera. Kawiri. Munthuyu anayesa kuimirira.

M'ngolo pobwerera Osmund anangondigwira dzanja. Lawo linali lozizira.

Lachinayi, 8 Malichi

Nyuzipepala ziwiri zalemba. Ina yajambula ndi chithunzi chomwe: Osmund ali tambalale pampando, mphuno kukula kuposa mmene ilili, pansi pake mawu oti wofuna kulanda akaputeni chikoti ngakhale Mfumukazi saiopa. Aphungu anayi amene analonjeza kuvota nafe atumiza timakalata toti ayambe aganizanso. Amantha opanda pake.

Osmund ndawatsekera m'chipinda chowerengera, kiyi m'thumba mwanga. Ndati Osmund Tregear, a Thornbury mukhoza kuwapusitsa, osati ine amene ndimasoka mabondo a mathalauza anu. Anazungulirazungulira, za mwambo, za vinyo. Kenaka aulula. Mwendo wamanzere umafa, n'kudzabwerera wokha. Nthawi zina yonse iwiri. Kuyambira pa Khirisimasi! Ndipo Jabez akudziwa, ndi amene amawakweza masitepe ine ndikatuluka. Nkhalamba ziwirizi zandibisira miyezi itatu m'nyumba mwanga momwe.

Ndakalipa mpaka mawu kusasa. Kenaka ndalira pa phewa lawo, iwo n'kumandisisita kumsana ngati wodwalayo ndine.

Ndati ingonenani zoona, wodwala anthu amamukhululukira. Akana. "Ndikanena, a chipani andichotsa Lachitatu, nkhaniyi aipereka kwa kamnyamata kosadziwa ndi fungo la phula lomwe. Bola anditche wamwano." M'Nyumba muja munthu salankhula ali pansi. Ukufuna kulankhula, imirira. Iwo akufunika theka la ola.

Loweruka, 10 Malichi

Dokotala Maddock. Wagogoda mabondo, wawabaya ndi singano kuphazi, iwo osamva. Akuti zikuchokera kumsana ndipo sizibwerera m'mbuyo. Apume, achoke mu utsi uno. Si zomwe ndakhala ndikuimba ine chaka chonse? Kwathu ku Devon, mitengo ya maapozi, mpweya wabwino. Ndawauza poyera: Lachitatu likangodutsa tikupita, mulankhule musalankhule.

Masana kuyeserera. Jabez watulutsa kabotolo ka mchenga koyezera nthawi, komwe anachoka nako pa sitima yawo yomaliza. Osmund ndodo m'manja, ali chiimire pakati pa chipinda. Koyamba mphindi zisanu ndi zinayi. Kachiwiri khumi ndi zinayi, thukuta kamukamu. Jabez osawanyengerera ayi: "Sitima ikupendekeka munkaima tsiku lonse, lero pansi posagwedezeka pakugonjetseni? Manyazi bwana!" Iwo: "Tseka pakamwa, chidakwa iwe, yang'ana mchengawo."

Ine kuseri kwa chitseko, kuseka ndi misozi pamodzi. Ndimamukonda mdala wanga wamakaniyu, Mulungu akudziwa.

Lamulungu, 11 Malichi

Ku tchalitchi sitinapite. Kuimirira ndi kukhala n'kochuluka kumeneko, maso a anthunso.

Ndamupeza Jabez kukhitchini akupukuta nsapato. Ndamufunsa chimene sindinafunsepo zaka zonsezi. Kuti anakwapulidwapo ndinkadziwa, zipsera zimatulukira pakhosi la malaya. Amene analamula ndiye sindinkamudziwa.

"Ndi bwana omwewa, mayi. Zikoti makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, ku Malta. Ndinaledzera pa ntchito." Akunena akupukutabe nsapato, ngati akusimba za mvula. Akuti kaputeni amayenera kuima pomwepo mpaka chikoti chomaliza, chipewa m'manja, lamulo limatero. Osmund anaima. Atam'masula Jabez iwo anatsikira kuchipinda kwawo kukasanza, aliyense anamva. Sabata yotsatira anamutenga kukhala wantchito wawo, mpaka lero.

Chaka chimenecho ndikuchikumbukira. Kalata zawo zochokera ku Malta zinkangonena za malalanje ndi kutentha. Zimenezi sanandiuzepo.

Pa chakudya ndawaonjezera chitumbuwa cha maapozi, chomwe dokotala analetsa. Andiyang'ana mokayikira. "Ndalakwanso chiyani?" Ndati idyani basi.

Lachiwiri, 13 Malichi

Dzulo mphindi makumi awiri ndi ziwiri. Tinasangalala ngati ana. Lero zisanu ndi imodzi, mwendo n'kukana.

Malaya a mawa ndasita ndekha. Kolala ndaiwaula pang'ono, sindiwauza.

Pemphero langa lero lachibwana. Ambuye, theka la ola lokha, zinazo tikambirana.

Lachitatu, 14 Malichi

Ndilembe ndisanaiwale.

Akazi amatiika m'mwamba muja, kuseri kwa zitsulo, kotentha, ukuona anthu paliwombo pokha. Dazi la Osmund ndinalizindikira msanga, mzere wachiwiri. 2 koloko itangokwana Sipikala anawaitana.

Anakanikiza ndodo. Ayi. Anayesanso, ndinaona mapewa akukwera, n'kubwerera. Ayi. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Akuyesa akadali pa sitima!" Chiseko m'Nyumba monse. Ine ndagwira zitsulo zija, kutsika sindingathe, kufuula sindingathe. Mwamuna wanga akusekedwa ine ndikuonerera ngati mbalame ya m'khola.

Kenaka liwu lija. La pa nyanja, lomwe linkafika pansonga pa mlongoti kuli namondwe. "Bambo Sipikala, miyendo yanga yakana. Inakananso tsiku la phwando lija, ndipo ndinanama kuti ndi mwambo. Ndinanama chifukwa cha kunyada. Ndikupempha Nyumbayi indimvere ndili pansi."

Chiseko chija chinathera pomwepo.

Amene anaimirira sindikanamuganizira. Kaputeni Roxby, mdani wawo wamkulu pa nkhaniyi, munthu wokhulupirira chikoti ndi mtima wonse. Mwaukali ngati akukangana ndi wina: "Ine ndivota motsutsa munthuyu, ndipo akudziwa. Koma ndinamuonapo ataima pa sitima ikuyaka moto, enafe tikuthawira m'mabwato. Alankhule ali pansi, ndani akukana?" Palibe anakana.

Osmund alankhula pafupifupi ola lathunthu. Pepala lija lomwe analoweza pagalasi silinatuluke m'thumba. Ananena za zikoti za ku Malta, dzina osatchula. Anati anawerenga okha chimodzichimodzi, ndipo chikoti chachikhumi chisanakwane munthuyo anali atasiya kale kumva chilango, zotsalazo zinkangomenya nyama. Mayi wina pambali panga anatseka kumaso ndi mpango.

Voti. Tagonja ndi mavoti khumi ndi limodzi.

Jabez ndi mlonda wa pakhomo anawanyamula mpaka m'ngolo, anthu akuona. Osmund chipewa chili bwinobwino pamutu, akupereka moni uku ndi uku ngati akuyendera asilikali. Titangokhota pakona anatseka maso. "Kolala iyi yapsa, Wini." Ndiye kuti anaona m'mawa momwe.

Lachinayi, 15 Malichi

Sanafunse za mphepo lero. Jabez anadikira pakhomo ndi yankho lake, n'kubwerera nalo.

Atamwa tiyi apempha pepala. Kalata yotula pansi uphungu, mizere isanu. Aimata, andipatsa kuti Jabez akaponye. "Wapambana, Wini. Tiye kwanu kumaapozi, ukandikhazike padzuwa." Akumwetulira, koma nkhope imeneyo ndikuidziwa. Ndinaiona tsiku lomwe anatsitsa mbendera yawo pa sitima yomaliza.

Zaka makumi anayi ndaima pamadoko kubayibitsa munthuyu, ndikupempha Mulungu kuti tsiku lina andibwezere pakhomo asachokenso. Lero wandipatsa. Ndakhala pa masitepe ndi kalatayo m'manja, chisangalalo osabwera.

Nyuzipepala yasindikiza maina a ovota, ndawerenga kawiri. Khumi ndi limodzi. Ndiye kuti asanu ndi mmodzi okha atatembenuka, chaka chamawa zatheka. Amantha anayi aja ali momwemo, ndipo chowiringula chawo chatha dzulo. Akazi awo ndimamwa nawo tiyi. Mayi Roxby ndinawagwira dzanja akubereka mwana wawo woyamba ku Gibraltar, amuna athu onse ali pa nyanja. Asandiuze kuti aiwala.

Ndikuopa. Mawu a dokotala sindinaiwale, utsi uno ukhoza kundilanda munthu. Koma ku Devon, padzuwa, ndi nkhope imene ija, sangafike ndi nthawi yothyola maapozi yomwe. Ndawadziwa kalekale.

Kalata ili m'thumba la diresi langa. Jabez waiona ikusuzumira. "Bwana akudziwa, mayi?" Ndati akadziwa lero ndidziwa pakamwa pomwe zatulukira. Waseka mpaka kuonetsa usinini.

Osmund akundiitana kuchipinda chowerengera, akufunsa ngati kalata yapita. Ndiwayankha ndikabwerako. Ngolo ili pakhomo. Ndiyambira kwa Mayi Roxby.