Chinsinsi cha ba Tiza

Lolemba, 3 Juni 2024
Dzina langa lalowa ku komiti yoweruza mikangano kuno ku Chawama. Analipereka ndi ba Katongo, mayi mwini nyumba imene timakhala. Malo amodzi, anthu awiri: ine ndi Desmond wometa tsitsi. Yankho pa 15. Ndikufuna kwambiri, koma sindinauze munthu. Ine Mwiche, wolekezera giredi 7, woopa kuyankhula pagulu!

Lachinayi, 6 Juni
Kupompi m'mawa. Ba Tiza, akazi a tcheyamani wa komiti ba Kasoma, anandikokera pambali. Akuti amuna awo amawamenya, chaka chachitatu tsopano. "Osauzako munthu, Mwiche, napapata." Madzi theka anatayika panjira. Ba Kasoma omwe amayanjanitsa mabanja aja?

Lamulungu, 9 Juni
Sindinauze aliyense, ngakhale amayi. Kutchalitchi ba Kasoma anandipatsa moni wa dzanja. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Loweruka, 15 Juni
Msonkhano m'kalasi, anthu asanu ndi awiri. Kani anali mayeso! Wofuna kulowa amamutumizira munthu ndi chinsinsi chabodza, kenako amatchera khutu ngati chimveka mu komboni. Desmond anauzidwa za nkhuku yobedwa, tsiku lomwelo shopu yonse inadziwa. Amukana. Za ine ba Kasoma anati, "Uyu mwana ali na chifuba, vinthu savitaya." Manja onse m'mwamba. Ndalowa. Andisonyeza buku la milandu: membala aliyense akhoza kulembamo mlandu, ndipo ukalembedwa uyenera kumvedwa.
Mtima pansi. Za ba Tiza zija bodza chabe, Mulungu ayamikike.

Lachiwiri, 18 Juni
Kupompi kachiwiri. Ndinati ba Tiza, munandiopseza zedi. Sanaseke. Akuti komiti inawatuma kundiuza kuti iwo eni anaba mipando ya tchalitchi, basi. "Vamipando nivamene bananituma. Vija ninakuuza ni vanga." Anakweza dzanja la juzi pang'ono. Mkono wakuda bii, wotupa.
Ndiye pamsonkhano paja ba Kasoma amandiyamika osadziwa chimene ndinasunga.
Anandisankha chifukwa ndimakhala chete.

Lachitatu, 19 Juni
Ndapita kwa ba Tiza masana, amuna awo kulibe. Ndinafunsa kawiri kuti ndisalakwitse: ndilembe kapena ndisalembe? Anati, "Lemba."
Buku limatsegulidwa Loweruka. Amene amakhala nalo patebulo ndi ba Kasoma. Ndiyenera kuimirira, kuwapempha cholembera, iwo akuyang'ana.
Ndayeserera papepala kanayi. Dzina lawo likutuluka lokhota.