Chopondera cha Lusungu

Hewe, Rumphi
14 Okutobala 2003

Wokondedwa mwana wanga Manasseh,

Monire kumeneko ku Blantyre. Kodi muli bwanji ndi apongozi anga a Annette ndi ana? Kuno tili bwino, bondo langa lokha ndi limene likuvuta. Akundilembera ndi a Kezia, aphunzitsi ochokera ku Dedza. Ndawauza alembe m'Chichewa kuti mkazi wako awerenge yekha, usamubisire mawu.

Ukudziwa kuti gome lolalikirapo m'tchalitchi mwathu ndinakhoma ndine. Ukukumbukanso zimene ndinalumbira mlongo wako Lusungu atapita kukaphunzira zaubusa, kuti mkazi sadzakwera pagome limenelo ine ndili moyo. Iwe unandivomereza, ndipo mpaka lero sumulembera kalata. Ndinakusocheretsa ndine.

Mwezi watha abusa anapempha Lusungu kuti adzalalikire kuno. A Amock, mkulu wa mpingo mnzanga, anakana, ati Paulo analamula akazi kukhala chete. Pomaliza tinagwirizana kuti alankhulire pansi, pamene amayi amaima akamalengeza za msonkhano wawo.

Ine ndinakhala pafupi ndi khomo kuti ndituluke msanga. Iye anawerenga za m'mawa umene Ambuye anauka, natifunsa kumene amuna anali. Anali atadzitsekera m'nyumba ndi mantha. Lusungu anati Yesu akanatha kudikira Petro, koma anatuma Mariya wa ku Magadala kukauza amunawo. Anatchulanso Prisila, amene Paulo yemweyo anamutcha wantchito mnzake. Kenaka anafunsa mofatsa, "Mariya akanakhala chete, inu adada mukanamva kwa yani?"

Amayi ako anandiyang'ana kuchokera mbali ya akazi. Zaka makumi asanu ndakhala ndikumva mutu umenewu, koma Mariyayo ndinkangomuona ngati wolira maliro.

Ndinaimirira, ndinati kumbuyo kuno sitikumva, akwere pamwamba. A Amock anangoyang'ana chipewa chawo. Lusungu anakwera. Koma gomelo ndinayezera amuna ataliatali, ndipo mlongo wako anatengera msinkhu wa amayi ake. Tinkangoona duku. Mpingo unaseka, iyenso anaseka, koma analalikira mpaka kumapeto, ndipo palibe amene anatuluka. Amayi anaimba nthungululu m'tchalitchi momwemo. Mwana wanga ameneyo!

Lolemba ndinatulutsa sowo ndi matabwa a mlombwa amene ndinkasungira bokosi langa la maliro. Ndamukhomera chopondera. Poyeza ndinaimikapo amayi ako, ndipo anati ndachedwa nacho zaka makumi atatu.

Tsono imva. Lusungu adzadzozedwa ubusa pa 23 Novembala, ndipo adzalalikiranso kuno. Bwera ndi banja lako. Choponderacho n'cholemera, ndipo bondo langa ukulidziwa. Ndikufuna udzachikweze pagome ndiwe, mlongo wako akuona.

Undipatsire moni adzukulu anga onse. Ambuye amene anatuma Mariya akusungeni. Yewo chomene.

Ndine bambo wako,
Simeon Mhango