Chingwe cha Inkar

Lolemba, 6 Meyi

Sikelo lero, ana khumi ndi anayi. Wa kwa Sabit wayamba kukhala yekha. Mapasa aja akukwawabe chammbuyo. Mwendo wanga kuwawa tsiku lonse, mvula ili pafupi.

Kunyumba nkhani ndi imodzi basi. Inkar, mwana wa mchimwene wanga Darmen, waponya mapazi atatu popanda womugwira. Chaka ndi mwezi umodzi. Ndiye pa 19 amumanga chingwe chakuda ndi choyera m'miyendo, wina adule, kuti mwana adzayende ngati wodulayo.

Asankha Meruert. Mng'ono wake wa mlamu wanga Zhazira, wa ku Shymkent uja, wovina m'maukwati. Mwanayu wamuonapo kawiri. Kawiri! Ine ndinamulandira m'manja mwanga asanadulidwe mchombo. Ankamuimika pamawondo ndani? Ankamugwiritsa mpando n'kumawerenga ndani? Mayi akuti, “Usadandaule mwana wanga, mwambo umafuna wa miyendo yopepuka.” Bola akanangonena kuti wotsimphina sakumufuna.

Lachitatu, 8 Meyi

Zhazira wamugulira Meruert diresi. Ine mpango, wa nkhalamba weniweni. Ndathokoza, ndaponya m'kabati.

Izi sindikufuna kulemba koma ndilemba. Ndamusambitsa Inkar. Mizere ya m'ntchafu siikufanana, kumanzere itatu, kumanja iwiri. Kumugoneka chagada n'kupinda mawondo, lamanzere lotsika. Mwendo umenewo sukutambasukira m'mbali. Akaima, chidendene sichifika pansi. Chiuno chimenechi.

Namwino wa mudzi wonse, osaona mwana wa m'nyumba mwake! Ana a eni ndimawapima ndi tepi, wathu ndimangomupsompsona. Miyezi yonse ija ali chimangire m'besiki, kabedi ka makanda kaja, miyendo yowongoka ngati nkhuni, ati agone bwino. Ine duu.

Kapena ndi maso a nsanje? Ndapimanso kawiri. Bondo likadali lotsika.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndawauza tikumwa tiyi. Kuti mwana akajambulidwe chiuno kutauni, msanga, nthawi ikadalipo. Zhazira anaika kapu pansi mwaulemu wake uja. “Alamu, mukanapatsidwa mpeni inuyo, bwenzi mwendowu uli bwinobwino, eti?” Darmen nayenso, amene ndinamupukuta mamina mpaka kusukulu: “Achemwali, musatipatsire mwana matenda chifukwa cha chingwe.” Mayi maso m'kapu.

Choipa n'chakuti mpeniwo ndikuufunadi. Ndikuufuna mpaka tulo kusowa. Ndiye andikhulupirire ndani?

Lachiwiri, 14 Meyi

Sandisiyiranso mwana. Ndikangolowa, Zhazira amunyamula, ati akufuna kuyamwa. Kalata ya kwa dokotala wa mafupa ndalemba, ili m'thumba la yunifolomu. Ya basi ndingalipire ndekha, ngakhale malipiro achedwanso.

Meruert wafika. Nsapato za zidendene zazitali, pabwalo pathu pa miyala paja, osapunthwa n'kamodzi komwe. Ndinamuyang'ana pawindo mpaka mkaka kusefukira. Ndinalakalaka atagwa. Mulungu andikhululukire, ndinalakalakadi.

Ndiye wandibweretsera mankhwala opaka mwendo. “Achemwali, awa akuti amathandiza kukazizira.” Munthu wabwino. Zimenezo ndiye zandipsetsa mtima koposa.

Lamulungu, 19 Meyi

Nkhosa ziwiri zaphedwa, anthu bwalo lonse tho. Nsalu yoyera yoyala pansi, masiwiti kuwaza ponseponse. Meruert wadula kamodzi kokha, thu! Wamugwira mwana dzanja n'kumuyendetsa mothamanga, diresi ikuuluka. Wokongola. Ndavomera.

Kenako anamusiya yekha pansalu. Mapazi anayi. Phazi lililonse lamanzere, thupi kupendekera komweko. Phazi lachisanu, khu pansi. Anthu m'manja, nthungululu. Amalume a Zhazira kufuula, “Taonani kabakha kathu kakuyenda!”

Ine pa samovari, chiketulo chachikulu chija, kuthira tiyi, mpango wanga wa nkhalamba kumutu. Mawu anga anatha ntchito m'nyumba muno. Koma ndinaona Mayi sakuomba m'manja.

Lachinayi, 23 Meyi

Mayi abwera kuchipatala masana, okha. Chiyambireni ntchito sanapondepo muno. Anakhala pabenchi ya odwala mpaka womaliza atatuluka. “Kalata ija ndipatse.” Ndinawapatsa. Anaipinda, n'kuibisa m'malaya, osadzuka.

Ndilembe monga ananenera. “Mayendedwe aja ndikuwadziwa. Iwenso unkapendekera chomwecho. Namwino wa nthawi imeneyo anandilembera kalata ngati yomweyi. Agogo ako anati ndi nsanje, poti iye analibe mwana. Inalinso nthawi yometa nkhosa, wokuperekeza panalibe. Ndinaiyatsira moto.”

Ndinayamba kupukuta sikelo yomwe ndinali nditapukuta kale.

Mayi amuuza kale Darmen, akuti sanatsutse. Zhazira walira, koma walongedza matewera. Mawa basi ya m'mawa. Mayi akuti mwana anyamula okha, nsapato zawo za paulendo atulutsa kale. Pa msinkhu uwu chiuno chimakonzeka, ndikudziwa. Inkar adzathamanga.

Ndiyenera kusangalala. Ndasangalala, zoona. Koma kutauni ndi maola awiri okha. Maola awiri! Ine zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ndikukoka mwendowu, kusukulu kumandiyeserera mayendedwe, m'maukwati kumasunga zikwama za ovina.

Za Meruert ndaiwalako. Tsopano ndikuchitira nsanje mwana wa chaka chimodzi, chifukwa mawa mayi anga akwera naye basi.