Kagalimoto ka akazi anga kakumwa oyilo

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Akazi anga ndi telala. Chaka chatha, imvi zitayamba kale, anaphunzira kuyendetsa galimoto n'kugula kagalimoto kakang'ono kamene ena anayendapo kale. Anakatcha Chitsiriza, ati ndi mwana wathu womaliza. M'mawa uliwonse amakapukuta ndi tinsanza ta kushopu kwawo uku akung'ung'udza nyimbo. Ine ndilibe laisensi. Ntchito yanga ndi kutsegula geti, kenako kukhala pambali pawo nditafukata chikwama chawo.

Poti ndine wapageti, kumbuyo kwa galimoto ndimakuona ndine. Akangoiliza m'mawa, ekizozi imalavula utsi wabuluu wonunkha ngati chiwaya chopserera, pakapita kanthawi utsiwo n'kuleka. Iwo sauona, maso amakhala pachipata kuopa kukhula khoma. Oyilo naye akumatsika msanga, chonsecho pansi sindionapo dontho. Ndiye ndakhala ndikuthiramo wina mwakabisira iwo ali kubafa. Tsiku lina pochapa ananunkhiza malaya anga n'kundifunsa kuti, "Kodi abambo, mwapeza ganyu kugalaja?" Ndinangoseka.

Amene anawasankhira galimotoyi ndi alamu anga, mchimwene wawo. Nditawanong'oneza, anandiyankha kuti munthu wamkulu kutsokomola m'mawa si matenda. Aneba athu ati injini yatha, ikufunika kutsitsa yonse.

Mwezi wamawa mwana wathu wamkazi akukwatiwa. Diresi asoka okha amake, ndipo anenetsa kuti mkwatibwi adzamuyendetsa okha pa kagalimoto kawo. Ndikuopa kuti kadzatifera panjira mwana atavala zoyera. Ndikuopanso kuwauza, chifukwa sindinawaonepo akunyadira chinthu ngati mmene amanyadira kagalimotoka. Nditani?

Wotsegula geti


Bambo Wotsegula geti,

Kalata yanu yandimwetulitsa. Amuna ena amabisira akazi awo botolo la mowa, inu mukubisa la oyilo. Koma mtima pansi, Chitsiriza sanafike pomulirira.

Maso anu agwira kale ntchito yaikulu. Utsi wabuluu umasonyeza kuti oyilo akulowa mmene mumapsera petulo. Ukanakhala woyera, wochuluka ndi wosaleka injini itatentha, tikanaganizira kuti madzi akulowa mu injini chifukwa gasiketi yowatchinga yawonongeka. Wakuda ndi petulo wochuluka. Wanuwo ukutuluka poliza m'mawa n'kutha, ndipo kawirikawiri zikatero vuto limakhala timphira ta mavalavu, timene amakaniko amati masilo. Tikauma ndi ukalamba, oyilo amadonthera mkati galimoto ili chiimire, n'kupsa mukailiza. Kusintha timeneti sikufuna kutsitsa injini yonse.

Komabe musangokhulupirira ine amene sindinaione. Yalani katoni pansi pa injini igone pomwepo, chifukwa dontho laling'ono limabisala m'dothi. Oyilo muziyeza galimoto ili pamalo osapendekeka, injini itazizira, ndipo musapitirize kamzere kapamwamba ka pa kachitsulo koyezera. Oyilo wopyola muyezo nayenso amabweretsa utsi. Onetsetsaninso kuti amene mukuthirayo ndi wa nambala imene galimotoyo imafuna.

Kenako pemphani aneba aja akutsatireni pambuyo pokwera chitunda. Ngati utsi ukufuka pamene mayi aponda moto, ndiye kuti maring'i a mapisitoni atha, ndipo imeneyo ndi ntchito yokulirapo. Kugalaja, makaniko ayambire zing'onozing'ono: amasule mapulagi muone nokha ngati ali onyowa ndi oyilo, aonenso kavalavu kopumira injini, kamene kakatsekeka kamakankhira oyilo kolakwika. Akatero ayeze mphamvu ya silinda iliyonse ndi geji. Makaniko amene anganene kuti titsitse injini asanayeze chilichonse, muthokozeni mwaulemu muzipita. Mankhwala a m'mabotolo amene amati amaletsa utsi musawadalire, amangophimba chilonda.

Alamu anu musawaimbe mlandu. Zoterezi sizioneka pa tsiku logula, makamaka wogulitsa akaitenthetseratu injini musanafike. Mukayamba sabata ino, nthawi ilipo yoti mkwatibwi adzafike bwinobwino, amake ali pachiwongolero.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, bambo. Mayi amene anaphunzira kuyendetsa ali ndi imvi sangakomoke ndi nkhani ya oyilo. Ndi telala, amadziwa kuti makina ogwira ntchito amafuna kuwasamala. Chimene chingawapweteke n'kudzamva kwa mchimwene wawo kuti aliyense ankadziwa kupatula mwini wake.

Ndipo chinsinsi chanuchi chili ndi ngozi. Tsiku limene mudzadwale kapena kuchokapo, iwo adzanyamuka okha osadziwa kuti galimoto yawo imafuna kuthiridwa. Kanyale kofiira ka oyilo kakadzayaka, ayenera kuima pompo n'kuzimitsa injini, osati kuti ndingofika kaye kushopu. Mtunda waufupi womwewo ndi wokwanira kupha injini.

Mawa m'mawa, asanalize, atengeni mupite nawo kutsogolo kwa galimoto. Boneti atsegule okha, kachitsulo asolole okha, inu muime pambali muwasonyeze timizere tiwiri ta pa kachitsuloko, kapansi ndi kapamwamba. Akakufunsani kuti mwadziwa liti zimenezi, auzeni zoona.

Aphungu