Ndinaika nyumba ya aphunzitsi pa foni, akuba anabwera ndi lole

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 46 ndipo ntchito yanga ndi yopezera anthu nyumba za lendi. Ena amatitcha maejenti, ena adobadoba, ine zonsezo ndimangovomera bola ana adye. Ntchitoyi inali ya amuna anga. Anaigwira zaka makumi awiri ndi miyendo yawo, opanda ofesi, kungokhala ndi chikwama cha makiyi ndi mutu wosaiwala. Ankadziwa nyumba yodontha, nyumba yoyandikana ndi agalu olusa, ndi landilodi yemwe amabwera kudzazonda mipope tsiku ndi tsiku ngati anasiyamo mwana. Chaka chathachi anadwala sitiroko, mbali yakumanzere inafa. Kuyankhula akuyankhula bwinobwino, mwinanso kuposa kale, koma ulendo wawo tsopano ndi wochoka pabedi kufika pampando wa pakhonde basi. Chikwama chija ndinachitenga ine.

Mawondo anga si a amuna anga, sangazungulire tauni yonse. Ndiye ndinagula foni yakale yosweka pakona, mlamu wanga wamkazi n'kundiphunzitsa kujambula vidiyo ndi kutumiza kadontho kosonyeza malo pa mapu. Ndinatsegula gulu la pa foni la ofuna nyumba, ndipo pano muli anthu oposa mazana asanu ndi limodzi. Ndikajambula nyumba m'mawa, pofika masana foni yayamba kulira. Kunena zoona ndinayamba kudzimva.

Pali mayi ena achikulire omwe tonse timangowatcha Mayi Landilodi. Ali ndi nyumba khumi ndi imodzi, ndipo nyumba zimenezo ndi theka la ntchito yanga yonse. Amuna anga atadwala, ndi iwowo anandiuza kuti, “Tenga makiyi mwana wanga, usachite mantha.”

Mwezi wathawu aphunzitsi ena omwe amachita lendi nyumba imodzi mwa zimenezi ananena kuti asamuka pa 30, awatumiza kusukulu ina. Ine pofuna kuti nyumba isagone yopanda munthu, ndinapitako pa 20 iwo ali m'kalasi. Ndinatsegula ndi kiyi wapadera yemwe ndimasunga, osawaimbira n'komwe. Ndinajambula pabalaza pali TV ndi mipando, kukhitchini kuli filiji yomata tizithunzi ta ana awo, mpaka kuchipinda komwe kunali makina osokera pafupi ndi zenera. Pofuna kutsatsa malonda ndinayankhulanso mu vidiyomo kuti, “Kuno ndi kwachete anzanga, masana onse eni ake amakhala ali kuntchito, simumva ngakhale chitseko kulira.” Pansi pake ndinalemba kuti okhalamo akusamuka pa 30, n'kuikaponso kadontho ka pa mapu. Zonsezo ndinaponya m'gulu.

Pa 26, cha m'ma teni koloko m'mawa, panafika lole ndi amuna anayi ovala maovololo. Anauza aneba, bambo ena opuma pantchito, kuti, “Atituma aphunzitsi, akuti tiwasamutse lero poti lole yapezeka yotchipa, koma kiyi apita naye kusukulu.” Anebawo anali ataonera vidiyo yanga, ndiye anadziwa kuti kusamuka kulipodi. Anawabwereka hamala yothyolera loko. Anawathandiza kunyamula filiji, ndipo akazi awo anawapatsa madzi akumwa n'kuwatsanzika. Aphunzitsi pobwera anapeza makatani okha.

Aphungu, ndikanakonda akanandilalatira. Anangondiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu kuti, “Mayi, kuchipinda kwanga munalowa ndi chilolezo cha ndani?” Kenako anati makina osokera aja anali a malemu amayi awo. Manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Mayi Landilodi anandiitanitsa tsiku lomwelo. Anati, “Loweruka likubwerali ubwere ndi makiyi anga onse. Ukandiuza zomveka ubwerera nawo. Apo ayi, ndiwapereka kwa a Jekete.” A Jekete ndi ejenti mnzanga yemwe savula jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo nyumba zimenezi wakhala akuzimezera mate kuyambira kale. Atakumana nane pamsewu anandipepesa uku mano ali pamtunda. Anati, “Ntchito iyi, mlongo wanga, imafuna kompyuta ndi kandege kojambulira m'mwamba. Foni yosweka ndi yoimbira abale.”

Kunyumba nakonso mtendere kulibe. Amuna anga akuti, “Taya chifoni chimenecho m'chimbudzi. Ine zaka makumi awiri sindinabetsepo ngakhale supuni ya munthu.” Ndikudziwa kuti chikuwapweteka ndi dzina lawo, lomwe anamanga ndi thukuta ine n'kuligwetsa ndi chala chimodzi.

Koma foniyi sinditaya, ndipo ntchitoyi sindisiya. Ndikabwerera ku miyendo ndiye kuti ndatha, chifukwa aliyense tsopano amafuna aone chithunzi asanakwere basi. Zodula za a Jeketezo sindingakwanitse, ndipo sindikukhulupirira kuti ndi zimene zikanaletsa lole ija. Ndiuzeni, munthu ngati ine akhale ndi zipangizo ziti zotchipa, ndipo azigwiritse ntchito bwanji kuti asabetsenso katundu wa anthu? Nanga Lowerukali ndikanene chiyani kuti makiyi aja ndibwerere nawo?

A. N. M.,
wa pabenchi ya pafupi ndi sitolo ya penti

Mayi A. N. M.,

Tiyambe ndi chowawa kuti tithane nacho. Foniyo sinalakwe. Inachita zomwe munaituma, ndipo munaituma kukauza anthu mazana asanu ndi limodzi zomwe zili m'nyumba, komwe nyumbayo ili, nthawi yomwe mwini wake sakhalapo, ndi bodza lomwe aneba angakhulupirire. Akubawo munangotsala pang'ono kuwalipirira mafuta a lole. Koma kulakwa kunayamba foni isanatuluke m'chikwama, pomwe munalowetsa kiyi pachitseko cha munthu osamufunsa. Ndakonda kuti simukuzemba, ndiye tiyeni tigwire ntchito.

Musadikire Loweruka. Mawa m'mawa chotsani vidiyo ija m'gulu, koma musaifufute mufoni mwanu. Pitani nayo kwa aphunzitsi, mupepese popanda mawu akuti “koma”, kenako muwapemphe mupitire limodzi kupolisi. Vidiyo imeneyo ndi mboni yokhayo yomwe inaona katundu yense. Filiji yomata tizithunzi ta ana ndi makina osokera akale si zinthu zovuta kuzizindikira zikafika pamsika. Perekaninso manambala a anthu omwe analowa m'gulu masiku amenewo, makamaka omwe anatulukamo lole itangopita. Sindikulonjeza kuti katundu apezeka. Koma aphunzitsiwo aone kuti simunawasiye okha, ndipo nkhani ya makina aja muzikaifunsa kupolisi mpaka akutopeni.

Za zipangizo, a Jekete asakuopsezeni. Kandege kamajambula denga, ndipo sindinamvepo munthu akuchita lendi denga. Foni yanu yosweka pakonayo ndi yokwanira, bola muzipukuta kagalasi ka kamera musanajambule ndi kutsegula makatani kuti kuwale. Chomwe mugule ndi batire yonyamula m'manja yotchajira foni, chifukwa ejenti yemwe foni yamuzimira pakati pa tsiku amaoneka ngati wathawa. Gulaninso tepi yoyezera, ya amisiri ija. Munthu akafunsa ngati bedi lake lalikulu lilowa, mumuuze mamita, osati “ndi chachikulu ndithu”. Tepiyo idzakuchotserani mtima wofuna kujambula katundu wa eni ake posonyeza kukula kwa chipinda.

Mukhale ndi nambala yachiwiri ya ntchito yokhayokha. Mufoni momwemo lembani mndandanda wa nyumba zonse, zipinda zingati, madzi ndi magetsi zili bwanji, yatengedwa kapena ayi, ndipo mlamu wanu akuonetseni mosungira mndandandawo pa intaneti kuti foni ikabedwa ntchito isabedwe nayo. Foniyo muitseke ndi nambala yachinsinsi, osati chaka chomwe munabadwa. Zithunzi zanu muzilembapo nambala yanu pakatikati kuti akamberembere asazitenge n'kumakadyera anthu m'dzina lanu. Ndipo tsegulani chikwama cha makiyi chija lero lomwe. Ngati pa kiyi aliyense pali kapepala kolemba malo a nyumba, ng'ambani, muikepo manambala okha omwe tanthauzo lake mukulidziwa inu.

Koma zipangizo popanda malamulo ndi zomwe zakufikitsani apa, ndiye malamulo ake ndi awa. Nyumba yomwe muli munthu simulowamo iye palibe, ndipo simujambula iye asanavomere mwa uthenga wolemba womwe mungausunge. Akavomera, jambulani makoma, mazenera, sinki, bafa ndi mita ya magetsi. Kuchipinda kogona kudikire mpaka atasamuka. Chabwino koposa, nyumba iliyonse ikangotsala yopanda munthu, ijambuleni tsiku lomwelo ili mbee, musunge zithunzizo. Ikadzafunanso munthu chaka chamawa mudzangotulutsa zomwezo osasokoneza aliyense. M'gulu muzitchula dera lokha ndi mtengo. Tsiku losamuka ndi nthawi yomwe anthu sakhala pakhomo si nkhani ya m'gulu. Kadontho ka pa mapu kapite kwa munthu mmodzi yemwe mwamuona nkhope, mwaona chitupa chake, ndipo mwakumana naye pamalo a anthu ambiri. Gululo mulikonze kuti muzilembamo inu nokha ndiponso kuti munthu asalowe inu osamuvomereza.

Mwina mukuti, nanga anthu onse oimba foniwo ndiwasefa bwanji ndili pamsewu? Apa ndi pomwe ndikukudabwani, mayi. Chipangizo chanu chabwino koposa mwachisiya pakhonde chikungokalamba ndi mkwiyo. Munthu yemwe wagwira ntchito zaka makumi awiri osabetsa supuni ali ndi khutu lodziwa wabodza asanamalize moni. Agulireni bambowo kafoni kamabatani, muikemo nambala yantchito ija, ndipo aliyense wofuna kuona nyumba ayambe wadutsa kwa iwo. Amufunse komwe akukhala pano, chomwe akusamukira, ndi landilodi wake wakale. Yemwe iwo amukana, inu musamutengere kunyumba ya munthu, ngakhale atabwera pa galimoto yonyezimira. Poyamba adzanyinyirika, musadandaule. Mawu aja oti tayani foni m'chimbudzi ndi a munthu yemwe akuona kuti ntchito yake yamusiya m'mbuyo. Akangoyankha mafoni atatu mudzayamba kuwaletsa ndinu kuti apume adye.

Tsopano za Loweruka. Lembani malamulo amenewa pa pepala limodzi, zilembo zikuluzikulu zoti Mayi Landilodi awerenge osafuna magalasi. Musapite ndi misozi, ndipo dzina la a Jekete lisatuluke pakamwa panu. Mukafika, tulutsani makiyi khumi ndi mmodzi aja muwaike patebulo iwo asanawafunse. Nenani zomwe munalakwa ndi pakamwa panu, kuyambira pa kiyi wapadera uja. Auzeni zomwe mwachitira aphunzitsi, muwapatse pepalalo, ndipo muwauze kuti kuyambira pano wolowa m'nyumba zawo azidutsa kaye m'khutu la amuna anu, omwe iwo akuwadziwa bwino. Ngati akukayikabe, apempheni akusiyireni nyumba ziwiri zokha kwa miyezi itatu. Ziwiri zomwe mwazigwira bwino zidzaitana zinazo. Akakana zonse, nyamukani mwaulemu, muthokoze, mukayambe ndi theka lomwe latsala. Mtima womwe ndauona m'kalata yanu sungathere pa khonde la munthu mmodzi.

Chenjezo langa ndi limodzi. Ntchito ikadzayambanso kuyenda, changu chija chidzabweranso. Tsiku lina nyumba yabwino idzapezeka, wokhalamo sakuyankha foni, kiyi ali m'chikwama, ndipo mtima udzati mphindi zisanu zokha palibe angadziwe. Tsiku limenelo muime pachitsekopo, mukumbukire funso lomwe aphunzitsi anakufunsani. Ngati mulibe yankho lake, bwezerani kiyi m'chikwama muzipita kwanu.

Aphungu